Mabowo Awiri pa Thanki ya Nsomba

Loweruka pa 14 Seputembala, nthawi ya m'mawa, a dokotala a mano anaboola mabowo awiri pa thanki yaikulu yagalasi imene inali pakati pa balaza la nyumba yawo. Galasi silinasweke. Mabowo onse awiri anatuluka osalala ndi ozungulira bwino, koma anali mbali ina, osati imene a dokotalawo anaisankha Lamulungu lapitalo. Amene ankathira madzi pa chobowolera kuti chisatenthe anali akazi awo, a telala.

Thankiyo inafika pakhomopo pa 25 Ogasiti. Inali yosungiramo nsomba zokongoletsa m'nyumba, ndipo a dokotala anaigula ku lesitilanti ina imene inkatsekedwa. Anainyamula amuna anayi. Ataitula pa bulangete lakale pakati pa balaza, mmodzi wa iwo anapukuta thukuta n'kufunsa ngati bwanawo akufuna kuti alendo aziwaonerera akusamba. Thankiyo m'litali mwake inali masentimita 180. Mbali imodzi yaitali eni ake akale anaipaka utoto wa buluu, wokhuthala, umene ngakhale lumo linaulephera. Mbali imeneyo ndiyo inali msana wa thankiyo, ndipo inayenera kutsamira khoma.

Makoma otalika mokwanira pabalazapo analipo awiri. Lina linali ndi zenera lalikulu, ndipo pansi pa zeneralo ndi pamene a telala anaikapo makina awo osokera. Lina, loyang'anizana nalo, linali la mpando wandalema wa a dokotala ndi katebulo ka wailesi. A dokotala anasankha la zenera. Anati thanki ikakhala pamenepo, iwo azidzakhala pampando wawo akaweruka, nsomba zili kutsogolo kwawo, popanda kusuntha kanthu kalikonse kawo.

Kwa a telala zeneralo silinali loonerapo anthu odutsa mumsewu. Maso awo anali atayamba kufooka. Ulusi wakuda pa nsalu yakuda ankauona pa kuwala kwa zenera limenelo basi, kuyambira m'mawa mpaka dzuwa litapendeka, ndipo ntchito yawo yambiri inali masuti ndi masiketi akuda a anthu a m'maofesi. Thankiyo ikanakwera pa tebulo lake lachitsulo, msana wake wa buluu ukanatseka zenera mpaka pafupi ndi pamwamba. A dokotala anati makinawo akhoza kupita kuchipinda cha ana, poti ana anakula n'kuchoka, ndipo analonjeza kubweretsa nyale yakale ya kuntchito kwawo. A telala anayankha kuti nyale imeneyo anaipangira anthu amantha oyasamula, osati masiketi.

A dokotala ankaumirira kuti akazi awo anavomera, ndipo kunena zoona sankanama kwenikweni. Zaka makumi atatu za ntchito zinawazoloweretsa kufunsa mafunso anthu amene m'kamwa mwawo muli thonje ndi zitsulo, ndipo kung'ung'udza kulikonse ankakulandira ngati inde. Tsiku limene anafunsa za zenera, a telala anali atagwada akupinda mpendero wa siketi, mapini ali ndandanda pamilomo. Anang'ung'udza kuti amuna awo adikire. Pamene ankalavula pini yomaliza, a dokotala anali atatuluka kale kukauza wowotcherera zitsulo kuti ayambe kupanga tebulo.

A telala anali ndi mlongo wawo wamkulu, pulambala, munthu wokonda kuseka anzake ali pomwepo. Iyeyu anabwera pa 1 Seputembala. Anazungulira thankiyo, anaigogoda ndi chikhadabo, kenako anafotokoza kuti madzi ochuluka chonchi sangakhale oyera popanda sefa yaikulu, ndipo sefa yaikulu ndi pampu yake zimasokosera, choncho malo ake ndi pakhonde. Pagalasi pankafunika mabowo awiri, lina lotulutsira madzi kupita ku sefa, lina lowabwezera. Mabowowo anayenera kukhala pa mbali yaifupi yoyang'ana chitseko cha pakhonde, kuti mapaipi asazungulire nyumba yonse ngati mlendo wosowa chimbudzi.

A telala anasiya kuponda makina. Anali atamva chinthu chimene amuna awiriwo sanachinene. Msana wa buluu uyenera kutsamira khoma, mabowo ayenera kuyang'ana kukhonde. Ndiye kuti mabowo akakhala mbali ya kumanja, thanki ipita kuzenera. Akakhala ya kumanzere, ilibe kwina kopita koma ku khoma la mpando. Ndipo bowo la pagalasi salisoka.

Pulambala anachenjezanso za chinthu china. Galasi lina amaliumitsa ndi moto kufakitale, ndipo limenelo ukangolikhudza ndi chobowolera limayoyoka lonse, n'kusanduka timiyala tonga mchere. Ndi maso okha silidziwika. Anatulutsa magalasi ake a dzuwa, aja ochotsa kunyezimira, nauza alamu ake kuti ayatse foni n'kuigwira kuseri kwa galasi, iye akupendeketsa mutu uku ndi uku ngati nkhuku yoyang'ana mphamba. Galasi lowotcha, anatero, limaonetsa mawanga akuda. A telala anali asanapempherepo kuti katundu wa m'nyumba mwawo apezeke ndi chilema, koma tsiku limenelo anapempherera mawanga. Mawanga sanaoneke.

"Koma kuboolako musandiyang'ane ine, alamu," anatero pulambala akuvula magalasiwo. "Likasweka m'manja mwanga, dzino langa lotsatira mudzalizula popanda jakisoni."

A dokotala anati palibe amene anamupempha. Kuboola chinthu cholimba koma chosachedwa kusweka, madzi akuthiridwa, mwini wake akunjenjemera, ndiyo ntchito imene iwo ankagwira tsiku ndi tsiku.

Anagula kachitsulo konga kapu, kokhala ndi mchenga wa dayamondi kukamwa kwake, kolumikiza ku makina obowolera. Sabata yonseyo ankayeserera pakhonde akaweruka. Anayamba ndi zidutswa zimene anapempha kwa wogulitsa magalasi a mazenera. Zitatha, anatenga galasi la chithunzi cha ukwati wawo, limene anati linali ndi mng'alu kale. Kenako anatenga chivindikiro chagalasi cha poto wa a telala. Chivindikirocho chinali cha galasi lowotcha, ndipo pakhomopo anadziwa kuti pulambala sananame. Timiyala tina ankatitolabe m'miphika ya maluwa Loweruka.

Lamulungu pa 8 Seputembala a dokotala anamata tepi ya pepala pa mbali ya kumanja, kunja ndi mkati, najambulapo mizere iwiri yozungulira ndi bolopeni. Pakati pa bowo lililonse panali masentimita 10 kuchokera pamwamba ndi 10 kuchokera m'mphepete. Atamaliza analengeza kuti opaleshoni ichitika Loweruka.

A telala anayesanso kulankhula Lolemba ndi Lachiwiri, m'kamwa mulibe kanthu. A dokotala anamvetsera mmene ankamvetserera wodwala wonena kuti dzino lasiya lokha kupweteka: mwaulemu, akugwedeza mutu, manja akukonza zida.

Lachinayi pa 12, a dokotala ali kuntchito, kunabwera namwino wina, mnzawo wa a telala kuyambira kale, kudzakulitsa yunifolomu imene ankati yachepa pochapa. Akuyezedwa m'chiuno, anafunsa chifukwa chake a telala ankawerenga manambala ndi nkhope ya pamaliro, pamene chiunocho si chawo. A telala anafotokoza zonse, za zenera, za msana wa buluu, za kumanja ndi kumanzere. Namwino anapita kukaima pa thankiyo, manja m'chiuno, nafunsa ngati vuto lonseli ndi katepi kameneka.

A telala anati si tepi yokha. Akangoisunthira mbali inayo, amuna awo akalowa adzaona kuti mizere yawo ikuyang'ana kukhitchini osati kukhonde. Pankafunika kutembenuza thanki yonse, ndipo thankiyo inabwera ndi amuna anayi.

"Amuna anayiwo ankanyamula, asisi," anatero namwino akuvula nsapato. "Ife sitinyamula. Timakoka nsalu. Ine ndimatembenuza azibambo olemera kuposa ichi ndili ndekha, iwo akunditukwana."

Anagwira ngodya za bulangete, wina uku wina uko, namwino akuwerenga ngati ali m'wodi. Matailosi anali oterera. Thankiyo inalira pang'ono, inaima, inatsetserekanso, mpaka inazungulira theka. Tsopano mbali ya kumanzere ndiyo inayang'ana kukhonde, koma msana wa buluu unayang'ana khoma la mpando, ndipo aliyense wolowa pakhomo akanauona. A telala anakhala pansi n'kunena kuti abweze mmene zinalili.

Namwino anati asafulumire. Kuchipinda cha opaleshoni, anatero, wodwala amamufunditsa yense n'kusiya poyera pamalo pocheka pokha, ndipo palibe dokotala amene amadana ndi zimenezo. A telala anadzuka kukatsegula kabati. Munali nsalu yobiriwira ya makatani imene kasitomala wina sanabwere kudzaitenga. Pofika masana thankiyo inali itavala chovala choikwana bwino, chokhala ndi mpendero pansi ndi khomo limodzi mbali ya kukhonde. Yunifolomu ya namwino sinakulitsidwe tsiku limenelo.

Panatsala mizere. Tepi yakale anaimatula mosamala, namwino n'kupukuta zomata zake ndi sipiriti wa m'chikwama mwake. Tepi yatsopano anadula pa mpukutu womwewo, kunja ndi mkati, ndipo a telala anatenga tepi yawo yoyezera m'khosi.

Apa dzanja lawo linachita zimene linazolowera. Telala sadula nsalu pa muyeso weniweni. Amasiya sentimita imodzi ndi theka ya msoko, ndipo akagwira ntchitoyo zaka zambiri sadziwanso kuti akusiya. Tepi yoyezera inanena 10, chala chachikulu chinatsetsereka chokha, kadontho kanagwera pa 11 ndi theka. Zinatero kuchokera pamwamba, zinatero kuchokera m'mphepete, pa mabowo onse awiri. Mizere yozungulira anaijambula mozungulira kachitsulo ka dayamondi kaja, ndi bolopeni yomwe ija. A telala sanaone cholakwika chilichonse, ndipo namwino anati ntchitoyo ndi yaukhondo.

A dokotala atafika madzulo anaima pakhomo la balaza chikwama chili m'manja. A telala anati aona kuti fumbi likuchuluka, ndiponso makasitomala amakhudza galasi ndi mphete zawo. A dokotala anazungulira thankiyo, anakhudza msoko wa pakona, nati ngakhale kuntchito kwawo safunditsa wodwala bwino chonchi. Anathokoza kwambiri. A telala anati si kanthu, ndipo anapita kukhitchini kukatsuka mbale zotsuka kale.

Lachisanu a dokotala anaweruka msanga. Anagwada pa khomo la chovala chija ndi karula kawo kachitsulo, nakhalapo nthawi yaitali. Kenako anatenga foni, anatuluka pakhonde n'kutseka chitseko. A telala, amene ankasita jekete, anangomvako mawu akuti alamu. A dokotala atabwerako anadya bwino, mpaka anawonjezera.

Loweruka anavala gauni yawo yoyera ndi magalasi oteteza maso. Pansi anayala matawulo akale. Botolo la madzi analiboola chitsekerero ndi singano yotentha kuti madzi azituluka pang'onopang'ono, nalipereka kwa akazi awo, nati ntchito yawo ndi imodzi yokha, kuti kachitsuloko kasaume ngakhale kamphindi, chifukwa kakauma galasi limatentha n'kung'aluka. A telala anabwera kuchokera pa makina, mapini awiri ali pamilomo.

Koma a dokotala anali ndi lamulo limodzi limene sankaliswa. Pa zina zonse ankakhutira ndi kung'ung'udza, koma dzino sankaliboola mpaka mwini wake atalikhudza ndi chala n'kunena ndi pakamwa kuti ndi limeneli. Ankati wodwala amene waloza yekha sabweranso ndi loya. Thanki ilibe chala, ndiye anatembenukira kwa akazi awo.

"Lavulani mapiniwo, mayi."

A telala analavulira m'dzanja.

"Ndi apa?"

A telala anayang'ana mizere yawo yomwe. Anati iwo sadziwa za magalasi, mwini wake wa miyeso ndi amene adziwa. A dokotala anati sakufunsa za magalasi, akufunsa ngati mayi wa nyumba ino akuvomera kuti bowo likhale pamenepa, chifukwa akayamba palibenso kubwerera. Makina obowolera anali m'manja mwawo, osayatsa. Anadikira mmene ankadikirira mwana kuti ayasamule.

"Ndi pomwepo, bambo."

"Ikanipo chala."

A telala anaika chala pa mzere woyamba, kenako pa wachiwiri. Chalacho chinasiya kachinyezi pa tepi.

A dokotala anayamba atapendeketsa makina, kuti m'mphepete mwa kachitsuloko mugwire kaye. Pagalasi panaoneka kamzere konga mwezi watsopano. Atatero anawongola makinawo pang'onopang'ono mpaka kukamwa konse kwa kachitsulo kunakhala pagalasi. Sanakankhe. Anati galasi saliboola, amalipera, ndipo munthu wothamanga agule thanki ziwiri. Madzi ankatsika oyera ngati mkaka n'kumanyowetsa matawulo. Phokoso lake linali lomwe lija limene limathawitsa anthu pabenchi ya kuchipatala cha mano, ndipo a dokotala, mosadziwa, ankalankhula ndi thankiyo motsitsa mawu, kuiuza kuti yatsala pang'ono, isagwedezeke, ikuchita bwino.

A telala anadabwa kupeza kuti akuopa. Masabata atatu ankafuna chinthuchi chitasweka, koma tsopano mizere inali yawo. Phokoso likasintha pang'ono ankafinya botolo mwamphamvu moti madzi ena ankagwera pa nsapato za amuna awo. Pomaliza phokoso linafewa, a dokotala anachepetsa liwiro, ndipo kagalasi kozungulira kanamasuka n'kutsalira pa tepi ya mkati, osagwa. Anakachotsa, anakaunika kuzenera, nakapereka kwa akazi awo mmene ankaperekera dzino kwa mwini wake.

Bowo lachiwiri lili pakati, a telala anatsegula pakamwa. Anaganiza kuti bowo limodzi likhoza kutsekedwa ndi kanthu kena, koma awiri ndi chigamulo. A dokotala anazimitsa makina n'kufunsa ngati akufuna kunena kanthu. A telala anayang'ana zenera, makina awo ali pansi pake, siketi yakuda itapachikika pa mpando. Anati madzi atsala pang'ono kutha. A dokotala anati n'zoona, ndipo anadikira kuti akadzaze botolo.

Atamaliza anapukuta galasi, anasalaza m'mphepete mwa mabowo, nasamba m'manja mpaka m'zigongono. A telala anaima pafupi ndi chitseko kudikira kuti chovala chivulidwe. A dokotala anati chikhale chomwecho mpaka Lolemba, pamene alamu abwere ndi mapaipi, kuopa fumbi.

Masiku awiriwo anali aatali. A telala anakonza zonena. Poyamba anaganiza zoti aziti mwina thanki inatembenuka pokolopa. Kenako anaganiza zongolira. Kenako anaganiza zonena chilungamo mokweza, kuyambira pa mapini mpaka pa chivindikiro cha poto. Lamulungu anapolisha nsapato za amuna awo, chinthu chimene anasiya kuchita mwana woyamba atabadwa. A dokotala anathokoza, nakhala pampando wawo kuwerenga nyuzipepala, ataiyandikitsa kumaso.

Lolemba pa 16 madzulo, dzuwa likadalipo, pulambala anafika pa kagalimoto ka wowotcherera, tebulo lachitsulo lili kumbuyo pamodzi ndi mapaipi ndi anyamata awiri a kumalo owotcherera. A telala anakhala pa makina awo osawaponda. Amunawo analowa, ndipo popanda kufunsana anapita molunjika ku khoma la mpando. Ananyamula mpando wandalema n'kuuika pakati pa balaza, katebulo ka wailesi anakapititsa kuchipinda, ndipo tebulo lachitsulo analiimika pamalopo. A dokotala anavula thankiyo chovala chake, anachipinda bwino n'kuchiika pa makina a akazi awo. Msana wa buluu sanauyang'ane n'komwe. Anthu anayi ananyamula thankiyo, masitepe ochepa okha, n'kuikhazika pa tebulo, buluu atatsamira khoma, mabowo atayang'ana kukhonde.

Pulambala anayamba kulumikiza. Paipi iliyonse inali yodula kale, ndipo iliyonse inkafika pamalo pake.

"Achimwene, mapaipiwa munadula liti?"

"Loweruka m'mawa. Alamu anandiimbira Lachisanu kuti miyeso yasintha, khomanso lasintha." Anamanga paipi ina, osatembenuka. "Koma iwe mlongo wanga, galasi amalisiyira msoko? Umati likadzanenepa udzalikulitse?"

Anyamata a wowotcherera anapeza chifukwa chotulukira panja.

A dokotala anafotokoza modekha, mmene ankafotokozera chithunzi cha mano. Anati iwo saboola kanthu osayezanso, ndipo Lachisanu atayeza anapeza 11 ndi theka pamalo onse anayi. Munthu wolakwitsa salakwitsa mofanana kanayi. M'nyumba muno, anatero, muli munthu mmodzi yekha amene manja ake amawonjezera sentimita imodzi ndi theka pa chilichonse, mpaka pa buledi. Atakweza mpendero wa chovala chija anapeza buluu ali kumene sanamusiye, ndipo pa matailosi panali mzere wa bulangete. Anawonjezera kuti msokowo unathandiza, chifukwa bowo lotalikirako ndi m'mphepete siling'aluka msanga.

A telala anafunsa chifukwa chake ndiye anaboola, akudziwa. A dokotala anati anafunsa, mwini nyumba analoza ndi chala, ananena ndi pakamwa popanda mapini, ndipo iwo sakangana ndi munthu amene waloza yekha. Zonena zonse zimene a telala anakonza zinasowa ntchito. Anayang'ana zenera lawo, lili poyera kuyambira pansi mpaka pamwamba, ndipo kwa kanthawi anaona kuti nkhani yatha bwino.

A dokotala anaika dzanja pa msana wa mpando wandalema.

"Ndiye mpando wangawu, mayi, munaukonzera pati?"

A telala sanauganizirepo mpandowo. Namwinonso sanauganizire.

A dokotala anati palibe chothamangira. Anangofuna kutchula zinthu ziwiri. Choyamba, mpando woonerapo nsomba uyenera kuyang'anizana nazo, ndipo khoma loyang'anizana ndi thanki tsopano ndi la zenera. Chachiwiri, Lachisanu lija atagwada ndi karula kawo, anadabwa kuona timizere tonse ta pa rula popanda kutsinzina diso. Zaka zonsezi ankakhala mbali yamdima ya balaza, kuganiza kuti anyuzipepala achepetsa zilembo. Sankadziwa kuti kuzenerako kumawala chonchi. Anati akazi awo anali ndi mfundo kuyambira pachiyambi, ndipo anapepesa kuti sanawamvetsetse.

A telala anati zeneralo ndi la ntchito, si lowerengerapo za mpira. A dokotala anavomereza kuti ndi la ntchito. Pulambala anasonkhanitsa zida zake mwachangu, nati akupita asanamuitane kukhala mboni, ndipo sefa adzaiyatsa tsiku lina kukakhala mtendere.

Pulambala anabweranso Lachitatu, anadzaza thankiyo, ndipo sinadonthe. Nsomba sizinagulidwe, chifukwa wogulitsa anati madzi atsopano ayenera kuyamba azungulira mu sefa kwa masabata angapo. Namwino anabwera kudzatenga yunifolomu yake, anamva nkhani yonse, anazungulira mpandowo kamodzi, nati wodwala uyu ndi wovuta kumutembenuza chifukwa mwini wake amakhalapo.

Zenera lija m'lifupi mwake ndi masentimita 150. Tebulo la makina osokera limatenga 90, mpando wandalema 75. A telala anayeza zimenezi Lachinayi amuna awo ali kuntchito, ndipo anayeza kawiri, akuyang'anitsitsa chala chawo. A dokotala anayeza Loweruka akazi awo ali kumsika. Palibe amene anauza mnzake.

Pofika Lolemba pa 30 Seputembala mpandowo unali usanapeze malo. Unali pakati pa balaza, anthu akuuzungulira popita kukhitchini, ndipo a dokotala ankakhalapo madzulo kuonerera madzi opanda nsomba. Lachisanu lapitalo miyendo yake yakumbuyo inali pa mzere wachisanu wa matailosi kuchokera kuzenera. Lolembalo inali pa wachinayi.